Timibulu ta Pakhosi pa Tambala

Akazanga anagwira ntchito ya unamwino mpaka mutu wonse unachita mbuu ndi imvi, ndipo ngakhale anapuma kalekale, aliyense amawatchulabe kuti a Sisitala. Inenso ndimawaitana choncho, makamaka ndikafuna kuwaputa. Ndi munthu woti ukamupatsa moni amayamba wakuyang'ana m'maso kuti aone ngati magazi alimo okwanira, kenaka n'kuyankha. Ine ndinali dalaivala wa mabasi. Sitiroko itandigwetsa, dzanja lamanzere linafooka, mwendo unayamba kukwakwaza pansi, ndipo chiwongolero ndinasiyana nacho osatsanzikana.

Miyezi yoyamba ndinkangokhala pampando wa pakhonde, maso ali pa geti, osayembekeza aliyense. Kunena mosabisa, moyo unali utandikwana. Mkamwini wathu, amene amawotcherera zitsulo, ndiye anatulukira tsiku lina ndi mapaipi ndi waya, n'kumanga khola kuseri kwa nyumba osandifunsa n'komwe. Atamaliza anatsitsa katoni ya anapiye. "Bambo, tandisungirani tinthu iti, kwathu malo kulibe," anatero. Linali bodza, poti bwalo lawo ndi lalikulu kuposa lathu. Koma anapiye sadziwa kuti munthu akudwala. Kukacha amafuna madzi, ndipo amalira mpaka udzuke. Ndinadzuka. Chaka chisanathe ndinali ndikuyenda popanda ndodo, ndikukangana ndi mathadzi ngati anthu, ndipo khola linali litadzaza.

Mlungu umene mwana wathu wamkazi amati abwere kudzakhala nafe ndi khanda lake, ndinapha katambala kamodzi kanthete kuti tikonzeretu ndiwo. Adokotala anandiletsa mafuta, choncho a Sisitala anali atayamba lamulo latsopano losenda khungu lonse la nkhuku, mpaka la pakhosi lomwe, limene ine ndimalikonda kuposa mnofu. Ndinali ndikutsuka zomwera kukhola pamene ndinamva akundiitana. Sanakuwe. Anaitana ndi mawu otsika aja amene ankaitanira achibale a wodwala kuti atuluke kaye panja.

"Taonani apa," anatero, akuloza ndi nsonga ya mpeni.

Mbali zonse ziwiri za khosi kunali timibulu tofiirira, tofewa, tondondozana kuchokera pansi pa mutu mpaka pafupi ndi chifuwa, ngati nyemba zosenda kumene. Ndinali ndisanationepo. Kale lonse nkhuku ndinkaidula ndi khungu lake lomwe, ndipo zambiri zinkakhala nkhalamba zoleka kuikira.

"Mwina ndi mafuta," ndinatero.

"Mafuta ndimawadziwa. Kagwireni ina."

Ndinakagwira katambala kena ka msinkhu womwewo. Anakapha okha, n'kusenda khosi lokha. Timibulu tomwe tija, ndipo apa tinali tokulirapo. Anasamba m'manja nthawi yaitali, mpaka m'zigongono, kenaka anakhala pansi.

"Zonse zili m'kholamo n'zodwala," anatero. "Ziphedwe, ziwotchedwe, zikwiriridwe."

"Nkhuku yodwala imathamanga choncho? Kameneka kandizungulitsa khola mpaka thukuta!"

"Odwala anga ambiri ankabwera akuyenda okha, akuseka. Makosi ndawagwira ambiri ine, bambo. Ndikapeza zotupa zondondozana chonchi mbali zonse ziwiri, ndinkadziwa kuti bedi limenelo posachedwa tiyalapo wina. Ndiye mukufuna khanda lilowe pakhomo pano, matewera ake aziyanikidwa pafupi ndi khola limenelo?"

Ndinakalipa. Ndinawauza kuti nkhuku si munthu, kuti unamwino wawo unathera pa geti ya chipatala, ndi zina zimene sindingazibwereze. A Sisitala akakhala chete ndiye kuti mlandu watha, ndipo iwe wangotsala ndi phokoso. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti pa nkhani za matenda sanalakwitsepo. Ndiwo anaona kuti pakamwa panga papotoka tsiku la sitiroko lija, ine ndikulimbikira kuti ndikupita kuntchito.

M'mawa mwake ndinadabwa kuwapeza atavala kale, matambala awiri aja atawakulunga m'mapepala apulasitiki n'kuwaika m'chikwama pamodzi ndi madzi oundana. "Tiyeni kwa dokotala wa ziweto, mukamve nokha," anatero. Mumtima ndinadzitama kuti kukalipa kwanga kwagwira ntchito. Mwamuna amapusa msanga akaganiza kuti wapambana.

Ofesi ya adokotala a ziweto inali kuseri kwa sitolo yogulitsa zakudya za ziweto. Pabenchi yodikirira panali bambo wina ndi galu wovala chinthu chonga ndowa m'khosi, onse awiri nkhope zili zachisoni. M'kati munali tebulo lachitsulo, firiji yolira ngati injini yotha, ndi fungo la mankhwala ochapira pansi. Adokotalawo anali mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wathu, atavala gawuni yoyera pamwamba, kumapazi jombo zamatope. A Sisitala sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza zonse mwa ndondomeko ngati akusiyira mnzawo odwala: msinkhu wa nkhuku, kadyedwe, zitosi, malo a zotupa, kufewa kwake. Ine, mwini nkhuku, ndinangoima kumbuyo ngati wonyamula chikwama.

Adokotala anavala magolovesi, nayang'ana makosi aja. Anatsegula pamimba, natulutsa chiwindi, nachitembenuza uku ndi uku pansi pa nyale. Anayang'ana kapamba. Kenaka anang'amba mnofu wa ntchafu mosamala mpaka anapeza kamtsempha koyera ngati ulusi, nakayerekeza ndi ka mwendo winawo.

"Mukufunafuna chiyani?" ndinafunsa.

"Alipo matenda a nkhuku amene amabweretsadi zotupa, bambo. Amatupitsa chiwindi, amanenepetsa mtsempha uwu, nkhuku n'kuyamba kupuwala miyendo. Amayi sanalakwe kuchita mantha. Ilipo imene ikutsimphina m'kholamo, kapena yogona mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo?"

"Wotsimphina pakhomo paja ndine ndekha."

Anaseka pang'ono, napitiriza ndi tambala wachiwiri. Firiji inkangolira. Atamaliza anavula magolovesi, nawaponya m'bini.

"Nkhuku izi zinali zathanzi kuposa tonse tili muno," anatero. "Timibulu iti si matenda. Nkhuku iliyonse yaing'ono ili nato. Ndikatsegula yaing'ono n'kupeza tafota, pamenepo m'pamene ndimada nkhawa."

"Si mwanabele ameneyu?" anafunsa a Sisitala, nkhope itauma.

"Nkhuku ilibe mwanabele ngati wathu, amayi. Ichi ndi chiwalo chija chotchedwa thaimasi. Ife tili nacho kuseri kwa fupa la pachifuwa. Nkhuku inachiyala m'khosi, tizigawo tizigawo, ndipo ikamakula chimanka chichepa. Paja mwati munali kuchipatala. Ma CD4 mumawadziwa?"

"Kuwadziwa? Ndinkachita kuwalota."

"Nkhukunso ili nawo. Amaphunzirira momwemu."

A Sisitala anakoka mpando n'kukhala, chikwama chili pamiyendo. Zaka zonse zija ankauza odwala kuti asilikali a m'thupi mwanu achepa, kapena akwera, imwani mankhwala mokhulupirika. Sanaganizepo kuti asilikali omwewo angapezeke m'kanthu kamene amakathamangitsa pakhonde ndi tsache. Adokotala anaona kuti apeza munthu womva, ndipo nkhani inawakoma. Anati maselo amenewa amalowa m'timibulu tija ali osadziwa kanthu, ndipo m'menemo amayesedwa ngati angathe kusiyanitsa thupi la nkhukuyo ndi mdani. Olephera amafera momwemo. Opambana amatuluka, koma satuluka ofanana.

"Ma CD4 aja kawirikawiri sapha okha. Ntchito yawo n'kuzindikira kuti kwalowa chinthu, n'kudzutsa anzawo. Amene amapha ndi ena, ma CD8. Kachilombo kakabisala m'kati mwa selo la nkhuku, iwo amalipeza selolo n'kuliwononga, kachilomboko n'kusowa pokhala."

"Ndiye bwanji osangokhala ndi akuphawo basi?" ndinafunsa. "Enawo akudya zaulere."

"Paokha amayamba bwino, bambo, koma satenga nthawi, amafooka, ndipo mdani yemweyo akadzabweranso samukumbukira bwino. Amafuna mnzawo uja aziwalimbikitsa. Ndipo CD4 yemweyo ndi amene amakauzanso maselo ena, opanga mankhwala a m'magazi olimbana ndi kachilombo, kuti yambani ntchito. N'chifukwa chake katemera amene mumadontheza m'diso la mwanapiye amagwira. Si dontholo limene limamenya nkhondo. Limangowaonetsa nkhope ya mdani, iwo n'kuuzana."

"N'chifukwa chake odwala anga ma CD4 akatsika, china chilichonse chinkawagwetsa," anatero a Sisitala motsitsa, ngati akudziyankhula okha. "Enawo analipo, koma wowadzutsa panalibe."

"Eya, ndi zomwezo. Koma nkhuku ili ndi gulu linanso lochuluka kuposa mmene lilili mwa ife. Limakonda kukhala m'matumbo ndi pakhungu, poti nkhuku imatola chilichonse pansi. Amenewo sadikira kuitanidwa, amayamba kulimbana ndi mdani pomwe walowerapo, uku anzawo akukonzeka. Ndiye palinso ena ochepa amene ntchito yawo n'kunena kuti basi, zakwana, lekani. Popanda amenewo nkhuku ikhoza kudzivulaza yokha ndi chitetezo chake chomwe."

Ine zonsezi ndinazimva mwa udalaivala. Basi siyenda ndi dalaivala yekha: pali wokweza anthu pakhomo, pali kondakitala woimba belu, pali makaniko amene sumuona mpaka tsiku loipa. Ndinawauza adokotala choncho, ndipo anati ndikanakhoza mayeso. Ndinatembenuka kuti ndiwanyodole a Sisitala, poti mwayi wotere subwera kawiri pa ukwati. Ndinapeza akuyang'ana wotchi ya pakhoma.

"Adokotala, mukunenetsa? Palibe choopsa kwa mwana wakhanda?"

"Pa zimene ndaona apa, palibe. Muzingosamba m'manja mukachoka kukhola, monga mwa nthawi zonse."

"Bambo, ndipatseni foni yanu. Yanga ndaisiya dala kunyumba."

"Dala? Chifukwa?"

"Ndinamuuza mkamwini kuti ife tikangochoka abwere, akumbe dzenje, aziphe zonse. Ndimati tikamabwerera mupeze zatha. Sindinafune kuti muone."

Sindikumbuka kuti foniyo ndinaitulutsa bwanji m'thumba. A Sisitala anaimba, inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anaimbira mwana wathu, iye anati bambo a mwana anachoka m'mawa ndi fosholo, sananene kumene akupita. Adokotala sanafunse zambiri. Anavula gawuni, natola makiyi pa mbedza ya kuseri kwa chitseko, nauza bambo wa galu uja kuti adikire pang'ono. "Kwerani, ndikutulani," anatero. "Muzindilozera njira."

Galimoto yawo inali kapikiapu kakale konunkha mankhwala a nkhupakupa. Tinapanikizana kutsogolo tonse atatu. Mayi ameneyu ndidzamuyamika mpaka kufa, koma magiya amasintha ngati akukangana nawo, ndipo mabampu amawaona atawadutsa kale. Tsiku lina lililonse ndikanalankhulapo. Tsiku limenelo ndinkangoti mumtima, pondani, mwanawe, pondani. A Sisitala anali pakati, foni ili kukhutu, akuimbabe.

"Ndinadziwa kuti mudzabwerera pampando paja," anatero osandiyang'ana. "Ndinadziwa ndithu. Koma ndinaika inu uku, khanda uku, ndipo ndinasankha. Ndimati ndidzakusamalani ngati kale."

Ndinali ndikusonkhanitsa mawu oti ndidzawauze tikafika, ndipo ndinkasankha akuthwa okhaokha.

Titatsika pa geti, chimene ndinamva choyamba ndi bata. Pakhomo pathu sipakhala bata masana. Pamakhala thadzi lolengeza dzira, tambala wotsutsana ndi wa oyandikana nawo. Tsopano kunali zii. Jekete ya mkamwini inali pa chingwe choyanikira zovala, foni ikuitana m'thumba mwake. Ndinazungulira nyumba mwendo ukukwakwaza, a Sisitala atandipitirira kale, akuthamanga mmene sindinawaonerepo chikwatiranireni.

Chitseko cha khola chinali chotsegula, m'kati mopanda kanthu. Pafupi ndi mpanda panali mulu wa dothi lofiira, chigubu cha palafini chili pambali. Ndipo pamthunzi wa khoma panali nkhuku zanga zonse, zitagonekedwa mumzere, miyendo yomangidwa ndi tizidutswa ta nsalu, maso ali phethiphethi. Mkamwini anali atakhala pa ndowa yovundikira, mpeni uli m'manja, thadzi lakuda lili pamiyendo pake. Atationa anaimirira, thadzi lili m'khwapa.

"Wapha zingati?" anafunsa a Sisitala, mpweya ukuwathera.

"Amayi, pepani, ndachedwa nayo ntchito yanu. Ndinakumba dzenje, n'kuona kuti lachepa, ndiye ndinalikulitsa. Nditamaliza ndinaona kuti m'mbali mwake simunawongoke. Kenaka mpeni unali wobuntha, ndinakanola. Pozigwira zinandivuta, mukudziwa nkhuku za bambo mmene zilili. Ndiye ndinati dzuwa likuswa chonchi, ndizimwetse kaye madzi."

"Ndati wapha zingati?"

"Ndimati ndiyambe ndi iyi, amayi. Ndikanayamba ndithu, poti munanena za mwana. Kungoti imandiyang'ana."

A Sisitala anakhala pansi pomwepo, padothi, ndi diresi yawo yopitira kutauni. Adokotala ndiwo anamufotokozera mkamwini mwachidule, uku akumulanda mpeni mwaulemu n'kuuika pamwamba pa khola. Mkamwini anapumira m'mwamba, nayang'ana thadzi lija, naliuza kuti, "Wapulumuka, mayi." Kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya n'kunamizira utsi, pomwe moto anali asanayatse.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikudana ndi anthu ochedwa. Ndasiyapo anthu pa siteji akuthamangira basi, matumba ali kumutu, ine n'kumati aphunzire. Tsiku limenelo ndinagwira dzanja la mkamwini wanga, lokhakhala ndi zipsera za moto wa zitsulo, ndipo ndinamuthokoza chifukwa cha kuzengereza. Ndinathokoza adokotala, amene anasiya ntchito yawo chifukwa cha nkhuku za munthu wosamudziwa. Iwo anangoti, "Zimasuleni msanga, miyendo ingachite dzanzi," nagwada n'kuyamba kumasula okha, uku akuyang'ana iliyonse m'maso ndi m'kamwa, poti anali atafika kale.

Mawu akuthwa aja ndinali nawobe, okonzeka bwinobwino. Ndinatembenukira kwa a Sisitala. Anali atakwawira pa nkhuku yoyamba mumzere, akulimbana ndi mfundo ya nsalu. Zala zimene zinkapeza mtsempha pa mkono wa mwana wobadwa kumene zinali kulephera, mfundo ikukana. Ndinawayang'ana, ndipo ndinaona munthu amene anagona ndi chinthu cholemera chotere yekha, nadzuka, nakonza chikwama, nayenda nane njira yonse akudziwa kuti ndidzamuda. Anachita zimenezo chifukwa cha mdzukulu wanga. Mkwiyo unandithera, ndipo m'malo mwake ndinamva chisoni ndi kuyamika zitasakanikirana. Ndinagwada movutikira pambali pawo, n'kuigwira nkhukuyo mapiko kuti isapalepale.

"Pepani, bambo," anatero.

"Masulani, a Sisitala, odwala achuluka pamzere."

Anaseka, misozi ikugwera pa nthenga. Mfundo inamasuka. Nkhukuyo inaimirira, inadzandira pang'ono, inadzikung'untha, n'kupita kukapalasa pa mulu wa dothi lija ngati palibe chachitika. Tinapitiriza choncho mpaka mzere unatha, ndipo phokoso linabwerera pakhomo.

Adokotala atatsanzika, mkamwini anafunsa kuti, "Nanga dzenjeli titani nalo?" Apa m'pamene tinapita kukaliona bwinobwino. Ndi kuzengereza kwake kuja, mnyamatayo anali atalikumba lalitali, lakuya, m'mbali mowongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe. Silinali dzenje la nkhuku. Munthu wamkulu akanagonamo osapinda miyendo. A Sisitala analiyang'ana, kenaka anayang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinaona kuti zimene ndaganiza ine aganizanso iwo.

Mkamwini anatambasula dzanja kuti atole fosholo, koma iwo anamutsogolera. "Iyi ndi yanga," anatero. Anavula nsapato zawo za kutauni, naziika pambali, nayamba kukwirira.